Excel kapena Calc ikukana dzina la maselo anu? Nayi njira yopezera vuto ndi kulikonza

Mwasankha maselo anu bwinobwino, mwapita pa kabokosi kadzina kaja kali kumanzere kwa pomwe timalemba fomula, mwalemba dzina, mwadina Enter, basi pulogalamu ikukana. Kapena fayilo yomwe kwa inu ikugwira ntchito popanda vuto mwaitumiza kwa mnzanu amene Excel yake ndi ya Chijeremani kapena Chifalansa, iye akutsegula akupeza #NAME? paliponse, mwinanso kabokosi kakumufunsa kuti apereke dzina latsopano asanaone n'komwe zomwe zili mkati. Anthu ambiri apa amangoyamba kusintha zinthu mwachisawawa, kufufuta mayina, kulembanso mafomula, mapeto ake fayilo imaonongekeratu.

Chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi: dzina lovomerezeka pa kompyuta yanu silovomerezeka paliponse. Malamulo ena ndi ofanana kulikonse, koma ena amasintha kutengera chilankhulo cha pulogalamu, ena kutengera zomwe Windows yaikidwa, enanso kutengera kuti ndi Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets. Ndiye pofufuza muzipita motsatana, osadumphadumpha.

Zofunika musanayambe

- Kopi ya fayiloyo. Muzigwira ntchito pa kopi, yoyambayo isakhudzidwe.
- Kudziwa pulogalamu yomwe mukugwiritsa ntchito ndi yomwe mnzanuyo akugwiritsa ntchito, pamodzi ndi chilankhulo chake.
- Chithunzi cha uthenga womwe ukutuluka, chonse osadula.
- Notepad kapena pulogalamu ina yolembera mawu wamba.
- Pulogalamu yotsegula zip, ya Gawo 11 lokha. Mwina simufikako.

Gawo 1: Werengani uthengawo kaye

Mauthenga omwe amatuluka si amodzi ndipo aliwonse akuloza kwina. Pulogalamu ikakana pomwe mukupanga dzina, vuto lili pa kalembedwe ka dzinalo. Selo ikamaonetsa #NAME? ndiye kuti fomula ikutchula dzina lomwe pulogalamu sikulipeza kapena sikulimva. Ikamaonetsa #REF! dzinalo lilipo ndithu koma maselo omwe linkaloza anafufutidwa. Kabokosi kofunsa dzina latsopano potsegula fayilo kakutanthauza kuti dzina lanu likulimbana ndi lina.

Mnzanu akakutumizirani chithunzi musadabwe kuona mawu achilendo. #NAME? mu Excel ya Chifalansa imalembedwa #NOM?, ya Chipwitikizi #NOME?, ya Chisipanishi #¿NOMBRE?, ndipo #REF! mu ya Chijeremani ndi #BEZUG!. Ndi vuto lomwelo basi.

Chenjezo: kabokosi kakakufunsani dzina latsopano musamangolemba zilembo zilizonse kuti kachoke. Dzina lomwe mwalembalo limakhalamo mu fayilo, ndipo mukasunga mwawonjezera chinyalala chomwe mudzavutike nacho mtsogolo. Lembani papepala dzina lakale lomwe kakuonetsa.

Gawo 2: Dziwani kuti pulogalamu ikulankhula chilankhulo chanji

Apa pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Choyamba ndi chilankhulo cha Excel yeniyeniyo, chomwe mumachiona pa File > Options > Language. Ichi ndi chomwe chimasintha SUM kukhala SUMME mu Chijeremani, SOMME mu Chifalansa, SOMA mu Chipwitikizi. Chachiwiri ndi zomwe zaikidwa mu Windows, pa Control Panel > Region > Additional settings, pomwe pali List separator. Ichi ndi chomwe chimalamula ngati mu fomula mulekanitse zinthu ndi mpatuliro (,) kapena semikoloni (;). Munthu akhoza kukhala ndi Excel ya Chingerezi koma Windows yake ikufuna semikoloni, ndiye musangomva zoti "yanga ndi ya Chingerezi" n'kuganiza kuti zonse ndi zofanana.

Njira yachangu yoyesera: mu selo yopanda kanthu yambani kulemba =IF( kapena dzina lake m'chilankhulocho, muone kamzere kothandiza komwe kamatuluka pansi. Kakuonetsani chizindikiro chomwe kompyutayo ikufuna.

Mu LibreOffice Calc pitani pa Tools > Options > LibreOffice Calc > Formula, pamenepo pali Formula syntax, zizindikiro zolekanitsira, ndi kabokosi ka Use English function names. Mu Google Sheets ndi File > Settings, pomwe pali Locale, ndipo kumeneko zimatsata fayilo, osati kompyuta.

Gawo 3: Tulutsani mndandanda wa mayina onse

Dinani Ctrl+F3. Mu Excel zimatsegula Name Manager, mu Calc zimatsegula bokosi loyang'anira mayina lomwe limapezekanso pa Sheet > Named Ranges and Expressions > Manage. Mu Google Sheets ndi Data > Named ranges. Pa laputopu zambiri mufunika kudinanso batani la Fn kuti F3 igwire.

Mu Name Manager muli batani la Filter kumanja, sankhani Names with Errors kuti muone omwe afa kale. Kenako pangani tsamba latsopano lopanda kanthu, dinani F3, kenako Paste List. Excel ilemba mayina ndi maselo omwe akuloza m'makolamu awiri. Mndandanda umenewu usungeni, ndi umene udzakukumbutseni kuti poyamba zinali bwanji mukasokoneza penapake.

Chenjezo: Paste List imalemba kuyambira pa selo yomwe mwaima n'kumatsika, ndipo imafufuta zomwe yapeza. N'chifukwa chake ndati tsamba latsopano.

Gawo 4: Yang'anani zilembo za dzinalo chimodzichimodzi

Malamulo a Excel ndi awa. Dzina liyambe ndi chilembo, kamzere kapansi (_) kapena kamzere kopendekera kumbuyo (\). Zotsatira zikhoza kukhala zilembo, manambala, kadontho ndi kamzere kapansi. Mpata saloledwa. Lisapitirire zilembo 255. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono kwa Excel ndi chimodzimodzi, ndiye Malipiro ndi MALIPIRO ndi dzina limodzi, simungakhale nawo onse awiri pamalo amodzi.

Ife olemba Chichewa tili ndi msampha wathuwathu: nkhodolero. Mawu ngati m'mwezi, pang'ono, m'gulu timawalemba osaganizira n'komwe, koma dzina ngati Ndalama_za_m'mwezi silingaloledwe chifukwa nkhodolero mu fomula ili ndi ntchito yake, imatsekera mayina a masamba. Lembani Ndalama_za_mwezi kapena NdalamaZaMmwezi. Mphatikiro (-) nayonso ayi, pulogalamu imaiona ngati kuchotsera, ndiye Zolowa-Zotuluka kwa iyo ndi Zolowa kuchotsapo Zotuluka.

Nanga ŵ? Excel imamulandira chifukwa ndi chilembo, monganso imalandirira é kapena ü. Koma ine sindimuika mu dzina. Mnzanu alibe chilembochi pa kiyibodi yake, adzalemba w wamba n'kupeza #NAME?, ndipo pomwe timalemba makro (timapulogalamu tomwe timagwira ntchito mkati mwa Excel) pa makompyuta ambiri sipasunga ŵ bwinobwino, amasanduka china. Zomwezonso ndi zilembo za anzathu: fayilo ikabwera ndi dzina ngati Größe kapena Année ndipo inu muyenera kulitchula mu fomula, musalitaipe pamanja, dinani F3 mulisankhe pamndandanda.

Pali china chosaoneka ndi maso. Mukakopera mawu kuchokera pa intaneti kapena mu PDF nthawi zina mumabwera mpata wapadera womwe nambala yake ndi 160, osati mpata wamba wa 32. Dzina limaoneka loyera koma likukanidwa. Liikeni mu selo, mwachitsanzo A1, mulembe =LEN(A1) muwerenge ngati nambala ikugwirizana ndi zilembo zomwe mukuona. Ikapitirira ndi chimodzi, chotsani ndi =SUBSTITUTE(A1,CHAR(160),"") kapena ingolembani dzinalo mwatsopano ndi manja, nthawi zambiri ndiye yachidule. TRIM payokha siuchotsa mpata umenewu.

Calc ndi Google Sheets ndi okhwimirapo. Calc salola kadontho mu dzina chifukwa kwa iye kadontho kamalekanitsa tsamba ndi selo, monga $Tsamba1.$A$1. Sheets amangofuna zilembo, manambala ndi kamzere kapansi, ndipo malire ake ndi zilembo 250. Ndiye dzina ngati Msonkho.Chaka ndi labwino mu Excel yokha. Ngati fayilo iziyenda pakati pa mapulogalamu, kadontho kasiyeni.

Gawo 5: Onani ngati dzinalo si adiresi ya selo

Apa ndi pomwe pagwera anthu ambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa vutoli nthawi zina silifuula n'komwe.

Dzina siliyenera kufanana ndi adiresi ya selo. Aliyense akudziwa kuti A1 kapena B12 sizingatheke. Chomwe ambiri amaiwala ndi chakuti kuyambira Excel 2007 makolamu alipo 16,384, omaliza ndi XFD, ndipo mizere ilipo 1,048,576. Ndiye mawu aliwonse a zilembo zitatu kapena zochepera omwe sanapitirire XFD, mukaikako nambala kumapeto kwake, ndi selo yeniyeni. JAN2024 ndi selo. FEB2024, MAR2024, mpaka DEC2024, miyezi yonse 12 yofupikitsidwa choncho ndi maselo. TAX2023 ndi selo. Ngakhale mawu athu ngati NDI2, CHA1, MWA5, ZA1, onsewa ndi maselo.

Choopsa chake ndi ichi. Mukasankha maselo n'kulemba JAN2024 mu kabokosi kadzina kaja, Excel sikukanani, imangokudumphitsani kupita ku selo JAN2024 kutali uko kumanja, kopanda kanthu. Inu mukubwerera mukuganiza kuti dzina lapangidwa, mukulemba =SUM(JAN2024), yankho likubwera 0, popanda chenjezo lililonse. Ziro ameneyo akhoza kulowa mu lipoti osadziwika. Ndiye nthawi zonse mukapanga dzina dinani Ctrl+F3 mutsimikize kuti lilipodi pamndandanda.

Kuyesa kwake n'kosavuta: dinani F5, lembani dzina lomwe mukufuna kupanga, Enter. Mukapezeka pa selo inayake yopanda kanthu, dzinalo ndi adiresi, lisiyeni. Kukonza kwake ikani kamzere kapansi pakati, Jan_2024, kapena lembani mawu onse, Januwale2024.

Mafayilo akale a .xls ali ndi nkhani yawo. Mu Excel 2003 ndi zam'mbuyo makolamu anali 256 okha, omaliza IV, ndiye dzina ngati QTR1 linkaloledwa. Mukasunga fayilo yotere ngati .xlsx, Excel imakuuzani kuti dzinalo likulimbana ndi adiresi n'kulisintha kukhala _QTR1. Mafomula wamba imawakonza yokha, koma dzina lomwe linalembedwa ngati mawu mkati mwa makro kapena mkati mwa INDIRECT (fankishoni yosandutsa mawu kukhala adiresi ya selo) limatsala lakale. LibreOffice nayonso inali ndi makolamu 1,024, omaliza AMJ, mpaka pomwe 7.4 inabwera mu 2022 ndi 16,384. Ndiye TAX2023 yomwe inkaloledwa mu Calc yakale pano ndi selo.

Gawo 6: Zilembo za mzere ndi kolamu m'chilankhulo cha mnzanuyo

Apa ndiye pamtima pa nkhani ya zilankhulo. Kupatula kalembedwe ka A1, Excel ili ndi kena kotchedwa R1C1, komwe R ndi mzere ndipo C ndi kolamu. Chifukwa cha ichi, mu Excel ya Chingerezi simungapange dzina loti R, r, C kapena c, ngakhalenso RC kapena R2C3, ngakhale inu simunagwiritsepo ntchito kalembedweko chibadwire.

Koma zilembo ziwirizi zimamasuliridwa. Mu Chijeremani ndi Z1S1, kuchokera ku Zeile ndi Spalte. Mu Chifalansa ndi L1C1, Ligne ndi Colonne. Mu Chipwitikizi ndi L1C1 yomweyo, Linha ndi Coluna. Mu Chisipanishi ndi F1C1, Fila ndi Columna. Mu Chidatchi ndi R1K1. Ndiye inu mwapanga dzina loti L kuimira utali kapena S kuimira chiwerengero china, kwa inu palibe vuto, koma kwa mnzanu wa Chifalansa L ndi mzere ndipo kwa wa Chijeremani S ndi kolamu. Zomwezonso ndi mayina ngati L1C2, Z2S4, F3C1, omwe munthu akhoza kupanga ngati makodi a zinthu osadziwa kuti kwina ndi adiresi.

Kuti mudziwe zilembo za kompyuta inayake, pitani pa File > Options > Formulas muone mmene kabokosi ka R1C1 reference style kalembedwera m'chilankhulocho. Kapena dinani Alt+F11, kenako Ctrl+G, mulembe izi mzere umodziumodzi n'kumadina Enter:

?Application.International(xlUpperCaseRowLetter)
?Application.International(xlUpperCaseColumnLetter)
?Application.International(xlListSeparator)

Mawu a zoona ndi zabodza nawonso amamasuliridwa. TRUE ndi FALSE simungawasandutse mayina, ndipo m'zilankhulo zina ndi WAHR ndi FALSCH, VRAI ndi FAUX, VERDADEIRO ndi FALSO. Google Sheets amakananso dzina lomwe langoyamba ndi true kapena false.

Maganizo anga apa ndi osabisa: dzina la chilembo chimodzi kapena ziwiri musapange n'komwe, kaya likuloledwa. Simungaloweze zilembo za zilankhulo zonse, ndipo simukudziwa kuti fayilo yanu idzathera m'manja mwa ndani. Utali, Chiwerengero, Mulingo_wa_msonkho, mayina otere sangalimbane ndi adiresi m'chilankhulo chilichonse komanso amamveka kwa wowerenga. Lamuloli likhudzanso mayina omwe mumapanga mkati mwa LET, fankishoni yopangira mayina mkati mwa fomula, kumenekonso r ndi c amakanidwa.

Gawo 7: Mayina omwe Excel inadzisungira

Mukasankha malo oti asindikizidwe, Excel imadzipangira dzina loti Print_Area. Mizere yobwerezedwa pamwamba pa pepala lililonse ndi Print_Titles. Mukaika fyuluta imapanga dzina lobisika loti _FilterDatabase. Mayina awa amaonetsedwa m'chilankhulo cha pulogalamu: Print_Area mu Chijeremani ndi Druckbereich, mu Chifalansa ndi Zone_d_impression, mu Chisipanishi ndi Área_de_impresión. Mkati mwa fayilo ya .xlsx amasungidwa mofanana kulikonse, ndi kachidutswa ka _xlnm. koyambirira, ndiye kumasulirako kumachitika pokha.

Vuto limabwera munthu kapena pulogalamu ina yotulutsa malipoti ikapanga dzina wamba lofanana ndi limodzi mwa awa. Potsegula, Excel imaona mayina awiri akulimbana n'kutulutsa kabokosi konena kuti dzina silingafanane ndi lomwe inadzisungira. Chochita: lembani dzina losakhalitsa lomveka bwino ngati Chotsani_ili, fayilo itseguke, pitani pa Ctrl+F3 mulifufute. Kenako chotsani fyuluta ndi Ctrl+Shift+L, chotsani malo osindikiza pa Page Layout > Print Area > Clear Print Area, sungani, tsekani, tsegulaninso, ndiye muziikenso mwatsopano kudzera pa menyu. Mukatero Excel imazilemba yokha m'njira yoyenera.

Chenjezo: chitani izi pa tsamba lililonse. Tsamba lililonse lili ndi Print_Area yakeyake.

Gawo 8: Mwina dzina ndi labwino, cholakwika ndi pomwe likuloza

Bokosi lopangira dzina lili ndi malo awiri, la dzina ndi la Refers to. Uthenga wokana ukhoza kubwera chifukwa cha malo achiwiriwa, munthu n'kumavutika kusintha dzina losalakwa. Yesani chonchi: siyani dzina lomwelo koma mu Refers to muloze selo imodzi yokha poidina ndi mausi. Zikatheka, dzina lilibe mlandu.

Zomwe zimalakwika mu Refers to ndi izi. Mwakopera fomula ya mpatuliro pomwe kompyuta ikufuna semikoloni. Mwakopera dzina la fankishoni la Chingerezi mu Excel ya chilankhulo china, monga OFFSET pomwe ya Chijeremani ikufuna BEREICH.VERSCHIEBEN ndipo ya Chifalansa ikufuna DECALER. Fayilo ikamatsegulidwa mafankishoni amamasuliridwa okha, koma zomwe mukutaipa kapena kumata ndi manja ziyenera kukhala m'chilankhulo cha pulogalamuyo. Ngati dzina likuloza madera awiri osagundana, mu Excel amalumikizidwa ndi chizindikiro cholekanitsira chomwecho, mpatuliro kapena semikoloni, pomwe mu Calc ndi kachizindikiro ka ~.

Dzina la tsamba nalonso. Likakhala ndi mpata liyenera kutsekeredwa ndi nkhodolero mbali zonse, ndipo ngati mkati mwake muli nkhodolero kale, imalembedwa kawiri: tsamba loti Za m'mwezi limalembedwa 'Za m''mwezi'!$A$1. Musavutike kutaipa zimenezi, lozani ndi mausi pulogalamu ilembe yokha.

Kanthu kena kakang'ono: mukamasintha zomwe zili mu Refers to, dinani F2 kaye musanagwiritse ntchito mabatani a mivi. Mukapanda kutero, muvi uliwonse womwe mwadina ukulowetsa adiresi ya selo pakati pa fomula yanu.

Gawo 9: INDIRECT ndi mawu a mkati mwa mitengero

Chilichonse chomwe chili mkati mwa mitengero ("") pulogalamu siichimasulira ndipo siichisintha mukasintha dzina. =INDIRECT("R2C3",FALSE) ikugwira mu Chingerezi, koma mu Chijeremani ibweretsa #BEZUG! chifukwa kumeneko akufuna "Z2S3". =INDIRECT("Print_Area") nayo chimodzimodzi. Pomwe pakutheka gwiritsani ntchito INDEX m'malo mwake, =INDEX(Tebulo_la_mitengo,2,3) imagwira m'chilankhulo chilichonse. Pa malo osindikiza pangani dzina lanulanu loloza maselo omwewo.

Malo ena omwe izi zimavuta kwambiri ndi mindandanda yosankhapo yodalirana, pomwe zomwe mwasankha mu A2 zimalamula zomwe zituluke mu B2. Mu A2 mwalembedwa Zipangizo za ofesi ndi mipata, koma dzina ndi Zipangizo_za_ofesi. Mu Data Validation, pomwe mindandandayi imapangidwira, lembani =INDIRECT(SUBSTITUTE(A2," ","_")). Ngati mawu ena ali ndi nkhodolero wonjezerani SUBSTITUTE wina woichotsa kapena kuisandutsa kamzere kapansi, malinga ndi mmene dzina lenileni lalembedwera. Ngati munapanga mayinawo ndi Create from Selection, yomwe ndi Ctrl+Shift+F3, Excel inasintha yokha zizindikiro zosaloledwa, ndiye tsegulani Name Manager muone chomwe inalembadi musanapange fomula, osangoganizira.

Dinani Ctrl+F, sankhani kufufuza mu Workbook yonse ndi mu Formulas, mufufuze mawu oti INDIRECT kuti muwapeze onse. Koma kufufuzaku sikulowa mu Data Validation kapena mu Conditional Formatting, kumeneko muyang'ane panokha.

Gawo 10: Ngati fayilo ili ndi makro

Mu VBA, chilankhulo cholembera makro, muli zinthu ziwiriziwiri. Name, RefersTo ndi Formula zimalankhula Chingerezi nthawi zonse, ndi mpatuliro, kaya kompyuta ndi ya chilankhulo chanji. NameLocal, RefersToLocal ndi FormulaLocal zimalankhula chilankhulo cha kompyutayo. Makro yomwe iziyenda m'makompyuta osiyanasiyana ilembedwe ndi zoyambazo. Mukapeza FormulaLocal yokhala ndi mawu a chilankhulo chimodzi, mwapeza chifukwa chomwe ikugwera pa vuto nambala 1004 kwa ena. Malo osindikiza mu makro aikeni ndi PageSetup.PrintArea, osati potchula dzina lomasuliridwa.

Gawo 11: Mayina obisika

Mwayang'ana zonse mu Name Manager, palibe cholakwika, koma kabokosi kakubwerabe makamaka mukamakopera tsamba? Pali mayina obisika. Mafayilo omwe ayenda m'manja ambiri kwa zaka amanyamula mayina otere kuchokera m'mafayilo ena ndi m'mapulogalamu owonjezera. Pa kopi yanu dinani Alt+F11, Insert > Module, mumate izi n'kudina F5:

Sub OnetsaMayina()
Dim n As Name
On Error Resume Next
For Each n In ActiveWorkbook.Names
n.Visible = True
Next n
End Sub

Bwererani pa Ctrl+F3 muona zomwe zinabisala. Omwe akuloza #REF! kapena fayilo ya pa kompyuta ya munthu wina yomwe kulibenso, ndipo palibe fomula yowagwiritsa ntchito, afufuteni. Omwe akuyamba ndi _xlfn asiyeni, amenewo ndi chizindikiro chakuti fayilo ili ndi fankishoni yatsopano yomwe Excel ina yakale siidziwa, ndipo #NAME? wa mtundu umenewo sakonzeka posintha dzina, mnzanuyo afunika Excel yatsopano kapena inu mulembe fomulayo mwanjira ina. Mukamaliza chotsani makroyo musanasunge ngati .xlsx.

Dzina lina limakana ngakhale kufufutidwa. Yesani kuyatsa R1C1 reference style kwakanthawi n'kuizimitsanso, nthawi zina Excel imakufunsani dzina latsopano la lomwe likulimbanalo ndipo mukalipatsa limafufutika. Zikakanikabe, njira yomaliza ndi kulowa mkati mwa fayilo. Fayilo ya .xlsx ndi zip chabe. Pangani kopi inanso, sinthani mathero kukhala .zip, tsegulani foda ya xl, tulutsani workbook.xml muitsegule ndi Notepad. Fufuzani definedNames. Dzina lililonse lili pakati pa <definedName ...> ndi </definedName>. Chotsani lovutalo lonse kuyambira kotsegulira mpaka kotsekera, sungani, bwezerani mu zip pamalo ake omwewo, sinthaninso mathero kukhala .xlsx. Mukasiya kachidutswa kamodzi kokha Excel inena kuti fayilo yaonongeka, n'chifukwa chake izi ndi za pa kopi basi.

Gawo 12: Sinthani dzina ndi kuyesa mbali zonse

Sinthani dzina kudzera pa Edit mu Name Manager, osati kufufuta n'kupanga latsopano. Mukadzera pa Edit mafomula onse omwe amalitchula amasintha okha. Mukafufuta, onse amasanduka #NAME? ndipo muyenera kuwasaka limodzilimodzi. Kenako konzani ndi manja zomwe zili m'mitengero ndi mu makro, dinani Ctrl+Alt+F9 kuti zonse ziwerengedwenso, yerekezani zotsatira ndi za fayilo yoyamba ija.

Mukatero mutumizireni mnzanu uja ayese pa kompyuta yake, ndipo asangotsegula n'kuyang'ana ayi. Alowe mu selo ina yomwe ili ndi dzinalo, adine F2 kenako Enter. Apa ndi pomwe pulogalamu yake imawerenganso fomulayo ndi malamulo a chilankhulo chake, ndipo ngati pali chotsalira chionekera pamenepo.

Zolakwika zomwe zimabwerabwera

Kukhulupirira kuti poti uthenga sunatuluke ndiye kuti dzina lapangidwa. Kumbukirani JAN2024 ndi ziro wake uja.

Kuiwala kudina Enter mukalemba mu kabokosi kadzina. Mukangodina pena ndi mausi, dzinalo silisungidwa.

Kusintha chilankhulo cha Excel pomwe vuto ndi List separator ya Windows. Anthu amataya nthawi yambiri apa, kuika chilankhulo china, kuzimitsa ndi kuyatsa kompyuta, semikoloni ali pompo. Komanso musathamangire kusintha List separator kuti fomula imodzi ilowe, chifukwa chizindikiro chomwecho ndi chomwe Excel imagwiritsa ntchito potsegula ndi kusunga mafayilo a CSV, mukhoza kukonza kuno n'kuononga uko.

Kusayang'ana kolamu ya Scope. Dzina likhoza kukhala la fayilo yonse kapena la tsamba limodzi. La tsamba limodzi silioneka mukakhala pa tsamba lina pokhapokha mutalemba Tsamba1!Dzina, ndipo mukakopera tsamba Excel imapanga mayina ena ofanana a tsamba latsopanolo, ndiye mumapezeka muli ndi Malipiro awiri oloza kosiyana. Scope sisinthika pa Edit, apa pokha mufunika kupanga dzina mwatsopano.

Kupatsa maselo dzina lomwe tebulo ili nalo kale. Matebulo opangidwa ndi Ctrl+T ali pamndandanda womwewo wa mayina, ndiye ngati tebulo ndi Antchito, maselo ena apatseni Antchito_mayina.

Kusunga ngati CSV n'kumadabwa kuti mayina apita kuti. CSV imasunga zomwe zikuoneka m'maselo a tsamba limodzi basi, mayina ndi mafomula satsala. Ngati fayilo ikupita kwa munthu wa Calc mutumizireni .xlsx kapena .ods, ndipo mayina ake akhale a zilembo wamba za A mpaka Z zosachepera zinayi, manambala ndi kamzere kapansi kokha.